Inu okulitsa mabatire a magemu a m'manja, tamvani kaye

Achinyamata inu, khalidwe lafalali lotsegula gemu ya m'manja n'kukankhiramo batire lililonse bola palembedwa nambala yaikulu, lidzakuwotcherani nyumba tsiku lina. Kufuna kuti PSP, 3DS kapena Switch yanu izikhalitsa ndi moto si mlandu ayi. Chotidandaulitsa n'chakuti maso anu amangokhala pa mAh (nambala yosonyeza kuchuluka kwa moto umene batire limasunga), koma voltage (mphamvu yokankhira magetsi, imene imalembedwa ndi V), malo oikapo batire ndi kumene waya aliyense akulowera simuzicheukira n'komwe, chonsecho ndi zimene zimapha makina ndi kuvulaza anthu.

Tiyambe ndi nambala mumaikondayo. Moto umene batire la lithium limasunga umayendera kukula kwake. Batire lolembedwa 503450 ndi lochindikala 5.0 mm, m'lifupi 34 mm, m'litali 50 mm, ndipo limasunga pafupifupi 1000 mAh. Malire ake ndi omwewo. PSP-1000 inabwera ndi batire la 1800 mAh, PSP-2000 ndi PSP-3000 zinabwera ndi lopyapyala la 1200 mAh, ndipo a Sony atafuna kuti la 2200 mAh lilowe m'magemu opyapyalawo, anachita kuligulitsa pamodzi ndi chivundikiro chotumphuka. Nanga inu mwapeza batire lofanana msinkhu ndi la 1200 mAh lija koma palembedwa 3600 mAh, mukukhulupirira bwanji? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Liyikeni pa sikelo pamodzi ndi lakale. Ngati kulemera kwake n'kofanana, chakula ndi chopakidwa pamwambacho basi. Ndipo wonama pa nambala kawirikawiri amaumiranso pa kabodi koteteza, kamene kamadula moto batire likadzaza mopitirira, likatsika kwambiri kapena pakachitika shoti.

Voltage siyokambirana. Mabatire ambiri a cell imodzi (cell ndi kathumba kamene kamasunga moto m'kati mwa batire) ndi a 3.7 V ndipo amadzaza pa 4.2 V, koma alipo ena amene amadzaza pa 4.35 V kapena 4.4 V. Mukaika la 4.2 V m'makina amene amatchaja mpaka 4.35 V, ndiye kuti mukulikakamiza kumeza moto wopitirira muyeso nthawi iliyonse, limatupa msanga ndipo likhoza kuyaka. Mukaika la 4.35 V m'makina a 4.2 V, silidzaza, ndipo mAh imene munalipirira simuiona. Makina akuluakulu ndiye osayerekeza n'komwe. Switch ili ndi batire la 3.7 V, 4310 mAh, lomwe ndi pafupifupi 16 Wh (Wh ndiwo muyeso wa mphamvu yonse ya m'batire). Steam Deck yoyamba ili ndi ma cell awiri olumikizidwa motsatana, 7.7 V, 40 Wh, ngakhale mAh yake imangopitirira 5000 pang'ono. Poyerekeza mabatire awiri, chulukitsani V ndi Ah (1000 mAh ndi 1 Ah) kuti mupeze Wh.

Tsopano nkhani ya malo, pamene ambiri mumachita zinthu zotiimitsa tsitsi. Mumaika batire lonenepa, chivundikiro chikukana, inu n'kuchitsindira ndi chala chachikulu kwinaku mukumanga ma screw mpaka chigwire. Mukudziwa chimene mukufinyacho? M'kati mwa kathumba kasilivako muli timapepala ta + ndi ta − tokulungidwa pamodzi, ndipo chotilekanitsa ndi kapulasitiki kopyapyala kuposa tsitsi. Kakangobowoka pamalo amodzi, moto wonse umathamangira pamenepo, kutentha kumabala kutentha kwina, ndipo zikafika apo palibenso batani lozimitsira. Mu 2016 Samsung inaitanitsa mafoni a Galaxy Note 7 chifukwa ankayaka, ndipo kafukufuku anapeza kuti mwa zifukwa zake, ena mwa mabatirewo anali othinana m'ngodya moti timapepala ta m'kati tinapindika. Iyo ndi kampani yokhala ndi akatswiri ndi zipangizo zoyezera. Inu muli ndi chala basi.

Yezani chibowo cha batire ndi caliper (kachipangizo koyezera kukula kwa zinthu molondola), mbali zonse zitatu, ndipo musiye mpata wa pafupifupi 1 mm pa kuchindikala, chifukwa batire la kathumba limafufuma pang'ono likamakalamba ngakhale lili labwino. Ngati mwadula timizere ta pulasitiki kuti malo akule, palani zotsalira zonse mpaka chala chiziyenda osakodwa. Yang'anani kunsi kwa bodi: nsonga zakuthwa za miyendo yowotcherera muziphimbe ndi tepi ya Kapton, imene imapirira kutentha. Screw iliyonse ibwerere pabowo pake, chifukwa yaitali ikalowa pa yaifupi imatulukira mbali inayo n'kulasa chimene chili kumeneko. Musachotse chitsulo chomwaza kutentha pofuna malo, ndipo batire lisagundane ndi paipi ya kopa kapena kutseka njira ya mpweya wa fani. Chivundikiro chizitsekeka chokha popanda kuchidinikiza. Chikakana, gulani chivundikiro chakuya kapena batire locheperako.

Pa mawaya, safunsa anadya phula. Timapulagi tolumikizira batire totchedwa JST, kaya ta 2.0 mm kaya ta 1.25 mm, tilibe lamulo limodzi loti + izikhala mbali iti. Kapulagi kakhoza kulowa bwinobwino, kumveka kuti thi, koma mawaya atasemphana, ndipo chipu yotchajira imapsa nthawi yomweyo musanagwire n'komwe batani loyatsira. Musadalire mtundu wa waya wokha. Tengani multimeter (chipangizo choyezera magetsi), yezani kapulagi ka batire lakale, lembani mbali ya +, kenako yezani latsopano. Zikasemphana, tukulani timalilime ta pulasitiki ndi singano, solorani waya mmodzi, mumuphimbe ndi tepi, kenako mnzakeyo, n'kuwasinthanitsa. Waya wachitatu si wokongoletsa. M'mabatire ambiri ndi wa thermistor, kawirikawiri ya 10 kΩ, imene imauza makina kuti batire latentha asiye kutchaja. Ena mumamudula n'kuikapo resistor wamba kuti makina akhale chete. Kumeneko n'kuwatseka maso makinawo. Batire la PSP ndiye lili ndi chipu yake imene imalankhulana ndi gemuyo, n'chifukwa chake osintha cell amasunga kabodi koyambirira.

Pochotsa lakale, yambani mwalitsitsa moto mpaka pansi pa 25%, chifukwa lodzaza likabowoka limayaka mwaukali. Zimitsani gemuyo kwenikweni, osati kungoigoneka. Magemu a Nintendo ambiri amafuna screwdriver ya mutu wa Y, choncho musakumbe ma screw ake ndi nsonga ya mpeni. Mukatsegula, choyamba kuzula ndi kapulagi ka batire. Ngati batire ndi lomatidwa ngati la Switch, donthezani spiriti ya isopropyl ya 90% kapena kuposa m'mbali mwake, dikirani mphindi ziwiri, n'kulitukula pang'onopang'ono ndi kakhadi ka pulasitiki. Chitsulo ayi, kulipinda ayi, kuliwomba ndi mpweya wotentha ayi. Mukamva kafungo kotsekemera konga ka mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, dziwani kuti labowoka. Litulutseni panja pompo, muliike pa simenti kapena mumchenga kutali ndi zoyaka, ndipo utsi wake musaupume.

Musawotcherere pa cell penipenipo, chifukwa kutentha kwa soldering iron kumalowa m'kati n'kusungunula kapulasitiki kolekanitsa kaja. Wotchererani pa mawaya kapena pa kabodi. Musadule mawaya awiri nthawi imodzi, chifukwa chodulira chanucho chimawalumikiza. Amene mumaphatikiza mabatire awiri + kwa + kuti mAh ichuluke, onsewo akhale atsopano, a mtundu umodzi, ndipo voltage yawo isasiyane kuposa 0.05 V, apo ayi lodzazalo limakhuthulira moto mwa linzake mwamphamvu. Lakale ndi latsopano sakwatitsa.

Kutchaja koyamba kuchitike masana, inu muli pomwepo, gemu ili pa tebulo lolimba, osati pa bedi kapena pansi pa pilo. Muziigwira kumbuyo mphindi 15 zilizonse. Kufunda pang'ono n'kwabwinobwino, koma ikatentha mosagwirika kapena chivundikiro chikayamba kutukuka, zulani tchaja. Musadabwe ndi nthawi: makina amene amatchaja pa 500 mA ankadzaza batire la 1000 mAh m'maola opitirira awiri, ndiye la 2000 mAh lidzafuna opitirira anayi, ndipo tchaja yamphamvu siisintha zimenezi chifukwa woyeza muyeso ndi chipu ya m'kati. Peresenti ya pa sikirini ikhoza kunama masiku oyamba. Dzazani mpaka 100%, seweretsani mpaka izime yokha, dzazaninso osadukiza, kamodzi kapena kawiri basi.

Batire lakale lija musaliponye m'bini kapena pamoto wa zinyalala, ndiponso musalisiye m'dirowa pamodzi ndi makiyi ndi ndalama zachitsulo. Matani tepi pa nsonga zake, liyikeni m'chitini cha mchenga kutali ndi ana, mpaka mutalipereka kumalo olandira mabatire akutha.