Amene korona inamusiya ndi befu musamamutche waulesi

Ana inu, ndakhala chete nthawi yaitali koma lero ndiyankhula, wokwiya akwiye. Sabata yatha ndinali pamaliro kumudzi, usiku amunafe titazungulira moto, nde anyamata ena anayamba kuseka mwana wa mchemwali wanga amene amapalasa kabaza, eti aise wakalamba msanga bwanji, kachitunda kakang'ono ka pamlatho paja ukutsika njinga nkumakankha kasitomala ali pakaliyala. Onse gwaa kuseka. Iye anangowerama nkumasonkhezera moto.

Mwana ameneyu ndikumudziwa kuyambira ali kumbuyo kwa mayi ake. Ankamanga matumba awiri a chimanga panjinga mpaka kuchigayo osapumira panjira. Anadwala korona, anagona masabata awiri, atadzuka tonse tinati wachira, tinathokoza Mulungu basi nkhani inathera pomwepo. Koma mpaka lero akapalasa tsiku lonse mawa lake sadzuka, thupi ngati amumenya ndi zibonga, mtima kuthamanga ali chigonere, ndipo amaiwala ngakhale chenji cha kasitomala. Mkazi wake akuti ndi ulesi. Apongozi ake akuti wina pasiteji anamuchita nsanje nkumulodza, mbuzi yathunthu inapita kwa asing'anga ndipo palibe chinasintha.

Matenda amenewa ali ndi dzina, madotolo amati long COVID. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalongosola mu 2021 kuti ngati patha miyezi itatu chidwalireni korona munthu akumvabe zizindikiro, zakhala miyezi iwiri kapena kuposa ndipo palibe matenda ena ozifotokoza, ndi zimenezo. Zofala kwambiri ndi kutopa kosatha, befu, ndi mutu kusagwira bwino, koma zilipo zambirimbiri zoposa 200, ena kusowa tulo, ena fungo ndi kakomedwe ka chakudya zinachoka osabwerera bwinobwino. Ndipo WHO yomweyo imati mwa anthu 100 odwala korona pafupifupi 6 amatsala nazo. Mwina mukuti 6 ndi ochepa. Tawerengani bwino, minibasi ya anthu 16 onse atadwalapo korona, m'modzi mwa iwo ndi ameneyo, mwina ndi mayi uja mumamukalipira kuti akuchedwa kukwera. Ku Britain kumene kuli ana athu ambiri pantchito, boma lawo linawerengera mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.9 miliyoni ankadandaula zimenezi. Nanga kuno kumene ambiri sitinakayezetse nkomwe, tinkangoti ndi chimfine chachikulu nkumamwa mandimu ndi jinja, mukuganiza kuti alipo angati amene akuvutika osadziwa chowavuta?

Chimandipweteka nchakuti timaiwala msanga ngati nkhuku. January 2021 uja mwaiwala kale? Nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, bwalo la mpira la Bingu ku Lilongwe linasanduka chipatala, anthu kusakasaka okosijeni ngati golide. Nthawi imeneyo aliyense masiki pakamwa. Lero munthu akukhosomola ngati thirakitala akulowa mtchalitchi nkukhala pakati pa agogo, mpango pakamwa ayi, ukamuuza akuti korona inatha kale. Mu May 2023 WHO inangoti si ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse ayi, sinanene kuti kachilomboko kapita kwawo. Kakadalipo, ndipo ukadwala kachiwiri kapena kachitatu mpata wotsala ndi mavuto aja umakhalapobe ulendo uliwonse. Musamati ine ndinadwala pang'ono chabe, ngakhale amene sanagonekedwe kuchipatala zimawagwira, ndipo amayi ndi amene zimawapeza kwambiri kuposa abambo, komatu ndi omwewo timayembekeza kuti atunge madzi, aphike, akalime, akadandaula timati akudzikonda. Amene anabayitsa katemera mpata wawo umachepa, izi ndikuuza inu amene munkathawa jekeseni chifukwa cha mavoisi a pa WhatsApp.

Tsono inu odwalanu nanunso ndili nanu mawu. Lekani kudzipanga madotolo. Thupi likangolemera mwathamangira pagolosale kukagula amoxicillin, mawa LA osayezetsa malungo, mkuja kudzifukiza bulugamu mutafunda bulangete mpaka kukomoka. Amoxicillin sapha kachilombo ka korona ndipo kutopa kumeneku sachotsa, mukungoononga ndalama ndi thupi lomwe. Safunsa anadya phula. Pitani kuchipatala akakuyezeni, chifukwa befu ndi kutopa zimabweranso ndi kuchepa kwa magazi, shuga, BP, mtima, ndipo chifuwa chikapitirira masabata awiri akayeze makhololo, TB kuno njosasowa ndipo kuzipatala zaboma amayeza ndi kupereka mankhwala ulere. Mukafika muwauze adokotala zonse mosabisa, kuti munadwala liti, zinayamba bwanji, osangoti thupi likuphwanya basi. Pachifuwa pakamapweteka kapena mpweya ukamabanika muli chikhalire, musadikire kuti kuche.

Piritsi limodzi lochotseratu long COVID palibe, aliyense wokugulitsani botolo kuti ili limachiza ndi wakuba. Ambiri amapeza bwino pang'onopang'ono miyezi ikamapita. Koma pali kanthu kena kamene anyamata simukamva, mumati ndikatuluka thukuta matenda achoka, nde mwadzuka mwapita kubwalo kapena mwatenga ganyu ya ekala yonse. Kwa ena matendawa akadzikakamiza amabwerera mwamphamvu patapita tsiku kapena awiri, nkugona sabata yathunthu. Ntchito izigawidwa, mizere ingapo mmawa kenako kupuma usanafike potheratu. Mabwana nanunso, wantchito akakuuzani kuti masitepe akumukanika musamangothamangira kumudula malipiro.

Mwana wa mchemwali wanga uja ndamuuza kuti Lolemba tipitira limodzi kuchipatala, thiransipoti ndilipira ine, ndipo apongozi ake ndawayimbira kale foni kuti mbuzi yachiwiri isachoke mkhola.