Tikafuna kukonza gombe la Zambezi, tiyambire pansi

Abale anga a ku Tete, ambiri tikaona zithunzi za HafenCity ku Hamburg m'dziko la Germany, nyumba zamagalasi m'mbali mwa mtsinje wa Elbe pomwe kale panali doko ndi mosungira katundu, timalakalaka gombe lathu litadzaoneka choncho. Nanenso ndimalakalaka. Koma chofunika kutengera kumeneko chili pansi pa nyumbazo.

Anzathuwo sanatchinge mtsinje ndi chipupa, anakweza nthaka. Misewu ndi nyumba zili pa zitunda zokwera mamita 7.5 kapena kuposerapo kuchokera pa mlingo wa nyanja, pomwe njira za m'mphepete mwa madzi anazisiya m'munsi dala. Madzi akasefukira amamiza njirazo, anthu ali gone m'nyumba zouma. Ife mtsinje wa Revubue unatidulira mlatho wopita ku Moatize mu Januwale 2022, ndiye nkhaniyi si yachilendo. Tiyambe tapeza pomwe madzi a chigumula chachikulu analekezera, tiwonjezere theka la mita, pamenepo ndiye pakhale pansi pa nyumba. Dothi lokwezera lithiridwe masentimita 20 mpaka 30, kutsendera, kenako kuthiranso. Mukakhuthula lonse kamodzi, ikagwa mvula limatitimira, makoma n'kung'aluka, mapaipi n'kuduka. Ngalande zothira mumtsinje zikhale ndi zotsekera zolola madzi kutuluka kokha, apo ayi mtsinje ukadzaza umabwerera momwemo n'kutumphukira m'misewu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi dothi lakale. Pomwe panali galaja, mosungira mafuta kapena poimika malole, oyilo ndi dizilo zinalowa pansi, ndipo mtovu wa m'mabatire suola. Paboledwe maenje, dothi litengedwe pa kuya kosiyanasiyana mpaka pomwe madzi apansi ayambira, likayezedwe ku labotale. Matanki okwiririka afukulidwe. Dothi loipitsitsa lichotsedwe, lotsalalo liphimbidwe ndi nsalu yotchinga, pamwamba pake dothi labwino losachepera masentimita 60 paliponse pomwe ana adzasewere. Chitsime pamalo otere, ayi ndithu.

Popereka DUAT (chilolezo chogwiritsa ntchito malo) kwa omanga, boma lilembemo kuti njira ya m'mphepete mwa madzi ndi ya aliyense, asodzi ndi mabwato awo omwe. Ndipo mitengo ya mthunzi ibzalidwe njirayo isanayalidwe. Kuno kutentha kwa Okutobala kumapitirira madigiri 40, simenti yopanda mthunzi palibe angayendepo masana.