Sipuleya isamatsukidwire pachitsime

Abale anga a ku Dedza ndi ku Ntcheu, mankhwala opha udzu atipeputsira ntchito yopalira, zimenezo sindikutsutsa. Chondidetsa nkhawa ndi malo omwe ambiri akusungunulira mankhwalawa: pambali penipeni pa chitsime, poti madzi ali pafupi.

Munthu adzaza sipuleya ya malita 16, thovu kusefukira pansi. Akamaliza kupopera atsukuluza nkukhuthula pomwepo, ndowa yomwe watsukuluzira nkubwerera m'chitsime. Kumadimba, komwe madzi timawapeza titangokumba pang'ono, zotayikazo sizichedwa kufika.

Mwa mankhwala opha udzuwa, atrazine ndiye wovuta kwambiri. Amapoperedwa panthaka chimanga chikangodzalidwa, samamatira dothi kwenikweni, ndipo amatha miyezi asanathe mphamvu, choncho mvula imatsika naye pansi. Maiko a European Union anamuletsa mu 2004 chifukwa ankapezeka m'madzi apansi. Glyphosate, mankhwala enanso opha udzu, amamatira dothi, koma dothilo likakokoloka limathera mumtsinje. Ku America, kafukufuku anapeza kuti m'madera omwe madzi akumwa anali ndi atrazine wambiri, ana obadwa ochepa thupi ankachulukirapo. Mwana ali m'mimba amalandira zomwe mayi wamwa, ndipo chiwindi ndi impso za khanda zimakhala zisanakhwime moti nkuchotsa poizoni msanga.

Pomwe ambiri timasokonekera ndi apa: kuwiritsa madzi kapena kuthira klorini kumapha tizilombo, koma sikuchotsa mankhwala ngati atrazine. Madzi amaoneka oyera mbee, fungo palibe.

Tungani madziwo mukasungunulire kumunda, mamita osachepera 30 kuchoka pachitsime, chakumunsi kwake. Chigubu cha mankhwala chikatha chitsukuluzeni katatu, madziwo muthire m'sipuleya apite m'munda, kenako chibooleni kuti wina asatungiremo madzi kapena thobwa. Kumwamba kukachita bii, dikirani tsiku lina. Mankhwala ogulitsidwa mopungulira m'mabotolo a zakumwa asiyeni. Gulani okhala ndi lebulo, ovomerezeka ndi Pesticides Control Board, bungwe la boma loona za mankhwalawa.

Mayi woyembekezera asapopere, ndiponso asachape zovala za bambo zopoperera, chonde. Khanda liyamwe bere lokha miyezi 6, osalipatsa madzi.

Mafumu athu ndi makomiti a mijigo, khazikitsani lamuloli mvula isanagwe: sipuleya isafike pomwe timatunga madzi akumwa, ndipo wolakwira alipire chindapusa.