Servitor si ndondocha yachizungu

Anthu akangomva kuti ku Ulaya ndi ku America kuli ochita matsenga omwe amadzipangira mizimu yowatumikira yotchedwa servitor, amathamangira kunena kuti ndi ndondocha basi. Ine ndikukana. Ndondocha, monga timazimvera kumudzi, imachokera kwa munthu amene wachitidwa chipongwe. Servitor sachokera kwa munthu aliyense. Mwiniwake amamuumba m'mutu, n'kumupatsa dzina, ntchito imodzi ndi tsiku lothera.

Izi zimachitika kwambiri m'gulu la ochita matsenga lotchedwa chaos magic, lomwe linayamba ku England kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Peter Carroll ndi Ray Sherwin ali patsogolo. Luso lopanga chizindikiro, chomwe amachitcha sigil, analitengera kwa wojambula wa ku London, Austin Osman Spare, yemwe anamwalira mu 1956.

Kapangidwe kake kamayambira papepala. Mumalemba ntchito ya servitor m'chiganizo chimodzi chachifupi. Tinene kuti ndinu wophunzira amene kudzuka kumakukanikani: mulembe kuti NDIDZUKA MAMAWA. Fufutani zilembo zobwerezedwa, monga ankachitira Spare, ndipo ambiri masiku ano amachotsanso a, e, i, o, u. Zotsala ndi N, D, Z, K, M, W. Zilembo zisanu ndi chimodzizi muzilumikize, zina chadodolido, zina chopingasa, mpaka zisawerengekenso. Dzina limachokera momwemo: ikani zina mwa a, e, i, o, u pakati pa zilembozo, mupeza dzina ngati Kamwendzo. Likhale dzina lopanda mwini. Kumutcha dzina la malemu agogo anu kapena la chibwenzi chakale ndi kuitana chisoni chomwe chilibe nawo gawo pa ntchitoyi.

Kenako maonekedwe, ndipo agwirizane ndi ntchito. Wodzutsa munthu akhale ngati katambala, osati chilombo cha mano khumi. Mumpezere pokhala, kaya kamwala kosalala, kabotolo kapena mphete, n'kujambulapo chizindikiro chija. Mugamulenso chakudya chake. Ambiri amati chakudya ndi chidwi cha mwiniwake, mwina mphindi zisanu madzulo aliwonse kuyang'ana chizindikiro ndi kutchula dzina, ena amayatsa kandulo. Magazi musayese n'komwe, ngakhale mutawerenga kuti ena amatero. Mungopeza chilonda ndi mantha.

Pomuyambitsa, ochita izi amafuna mphindi imene maganizo aima n'kutsala pa chinthu chimodzi, yomwe amaitcha gnosis. Ena amafikapo povina mpaka kutopa, ena pokhala duu osagwedezeka. Pamenepo amatchula dzina, amanena ntchito kamodzi, kenako amaseka kapena kukatsuka mbale kuti aiwale. Kumangofunsa ola lililonse ngati zayamba kugwira kuli ngati kufukula mbewu kuti uone ngati yamera.

Tsono maganizo anga ndi awa. Servitor amagwira ntchito mwa mwiniwake, osati kunja. Munthu amene usiku uliwonse amathera mphindi zisanu pa nkhani yodzuka mamawa, wagwira kamwala m'manja, adzadzukadi, chifukwa wadziphunzitsa yekha. Ngakhale pakati pa ochita chaos magic alipo ambiri omwe amavomera kuti ndi gawo la maganizo awo lomwe alipatsa nkhope. N'chifukwa chake ntchito monga kukumbukira maloto, kuchepetsa mkwiyo kapena kukhala pa buku ola lathunthu zimatheka. Koma kuti akubweretsereni ndalama, achize matenda a shuga kapena atembenuze mtima wa mkazi wa mwini, iwalani. Wina akakuuzani pa WhatsApp kuti mutumize ndalama akupangireni servitor wa chuma, chuma chake ndi ndalama zanuzo.

Zomwe zimalakwika n'zodziwika. Choyamba ndi ntchito yotakata. "Unditeteze" alibe malire, ndipo munthu amayamba kuona adani paliponse, mpaka kukayikira mnansi wosalakwa. Kwathu kuno tikudziwa kumene kukayikira kotere kumathera, makamaka kwa nkhalamba. Chachiwiri ndi kupanga asanu nthawi imodzi, chidwi n'kugawikana, onse n'kuzilala. Chachitatu, chomwe ndimachiona chachikulu, ndi kusaika tsiku lothera. Alexandra David-Néel, mayi wa ku France amene anayenda ku Tibet, analemba kuti anaumba m'maganizo mmonke wonenepa wansangala, koma patsogolo anawonda, nkhope n'kusanduka yachipongwe, ndipo kumuchotsa kunamutengera miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi. Kaya mukhulupirira kuti mmonkeyo analipodi kapena ayi, miyezi imeneyo inali yeniyeni kwa mayiyo. Ndipo amene amamvapo kale mawu omwe ena sakuwamva asalowe m'zimenezi. Mawu akayamba kubwera osaitanidwa, kapena tulo tikasowa masiku angapo, siyani zonse mukaonane ndi dokotala.

Choncho tsiku lothera lilembedwe papepala lomwelo, servitor asanayambe ntchito. Masiku 30 ndi okwanira kwa woyamba kumene. Lembaninso mawu amodzi omuimitsira, omwe simungawatchule mwangozi pocheza. Tsikulo likakwana, mumuthokoze, mutchule mawuwo, muwotche pepala, mutsuke kamwala kaja ndi madzi amchere n'kukataya kutali ndi nyumba. Ngati ntchito sinathe, musawonjezere masiku. Dikirani sabata imodzi, mulembe chiganizo china chopapatiza kuposa choyamba.