Mapiri amajambulika bwino mvula ikagwa

A mtolankhani, zithunzi zanu za pachilumba cha Likoma ndazikonda, makamaka chija cha mapiri a ku Mozambique ali tsidya la nyanja. Koma apo mwanena kuti nthawi yabwino yojambula ndi chilimwe chifukwa kumwamba kumakhala kopanda mitambo, pamenepo ndiye ndakana.

Ine ndimajambula kuno ku Chipata, ndipo phiri la Kanjala ndimaliona tsiku ndi tsiku ndili pakhomo. Mu Seputembala ndi Okutobala anthu akatentha tchire, utsi ndi fumbi zimadzaza mlengalenga moti phiri limangoti mbuu. Dzuwa limafiira inde, koma limazimirira mu utsiwo lisanafike n'komwe pansi. Dikirani mvula itsuke kumwamba. Mu Disembala, cha m'ma 6 koloko madzulo mvula itangokata, mitambo yakuda imayaka kunsi kwake ngati makala a m'mbaula, ndipo mtengo uliwonse wa paphiri umaoneka pawokhapawokha. Mitambo imene mukuithawayo ndi imene imakongoletsa chithunzi!

China chomwe mwasiya ndi nkhungu. Nditapita ku Likoma pa sitima ya Ilala kuchokera ku Nkhata Bay, ndinaona chinthu chonga utsi chitaima pakati pa nyanja. Msodzi wina anandiuza kuti imeneyo ndi nkhungu, tizilombo touluka tochuluka zedi, ndipo anthu amatikola n'kudya. Chithunzi chimenecho ndinachipachika pabalaza.

Anzanga ojambula ndi foni, dinani pamtambo wowala kwambiri musanajambule, apo ayi kufiira konse kuja kudzangotuluka koyera.