Manja a Jagannath sanathyoke ndi ukalamba

Amtolankhani, mwalemba kuti zifanizo za m'kachisi wa Jagannath, mulungu wa Ahindu, mumzinda wa Puri ku India zilibe manja chifukwa n'zakalekale. Pamenepo ndiye ayi. Kachisiyo ndi wakaledi, wa m'zaka za m'ma 1100, koma zifanizozo n'zamtengo wa nimu ndipo pakapita zaka amasema zatsopano. Komaliza anasema mu 2015, zakale zija n'kuziika m'manda mkati mwa mpanda wa kachisi momwemo. Ndiye ukalambawo uli pati?

Eniake amasimba kuti mmisiri wina wachikulire anauza mfumu Indradyumna kuti asema, bola chitseko chisatsegulidwe kwa masiku 21. Kugogoda kutasiya kumveka, a kunyumba yachifumu analephera kuugwira mtima. Atatsegula anapeza mmisiri wazimiririka, ntchito ili pakati. Mpaka lero amasema choncho mwadala.

Mwasiyanso ichi, chomwe ine chimandisangalatsa kwambiri: akasambitsa zifanizozo ndi mitsuko 108 ya madzi, amati Jagannath ndi abale ake atentha thupi. Amawabisa pafupifupi masabata awiri, akuwapatsa zipatso ndi mankhwala azitsamba, kenako ndiye amatuluka pa ngolo zitatu pa chikondwerero cha Rath Yatra.

Inu amene mukufunsa m'munsimu ngati mlendo angalowe, ayi, amalowa Ahindu okha. Ngakhale Indira Gandhi anamubweza pakhomo mu 1984 ali nduna yaikulu ya India. N'chifukwa chake tsiku la ngololo msewu umadzaza chonchija, aliyense amaona Jagannath ndi abale ake, mfumu ya ku Puri ikusesa pangolopo ndi tsache la chigwiriro chagolide.