Tom pa piyano si wa ana okha

Alembi, mwati makatuni akale a mphaka Tom ndi mbewa Jerry anali ongoseketsa ana basi. Apa pokha sindikugwirizana nanu. Kaonereninso The Cat Concerto ya 1947, imene William Hanna ndi Joseph Barbera anapanga ku kampani ya mafilimu ya MGM mpaka inawina Oscar, mphotho yapamwamba ya mafilimu. Tom watchena suti yakuda, akuimba piyano pamaso pa khamu, nyimbo yake Hungarian Rhapsody No. 2 ya Franz Liszt. Jerry anali m'tulo m'kati mwa piyanomo, tinyundo tomenya zingwe za piyano tayamba kumugunda, nkhondo yabuka.

Palibe woyankhula liwu ndi limodzi lomwe, koma chilichonse chikutsata nyimbo. Jerry atchera msampha wa mbewa, chala cha Tom chakodwa, nyimbo osaima. Kumapeto Jerry akumenya yekha zingwe m'katimo, kubwereza gawo lothamanga lija, Tom kuyesetsa kulondola mpaka kugwa ali wefuwefu, suti itang'ambika. Zonsezi anajambula pamanja, chithunzi chimodzichimodzi! Mwana aseka msampha, koma wamkulu amaona luso logwirizanitsa zala ndi kalilidwe ka piyano.

Mukanatchulakonso Rhapsody Rabbit ya Warner Bros. ya 1946, momwe kalulu Bugs Bunny akuimba nyimbo yomweyi akulimbana ndi mbewa. Anthu amakanganabe kuti anabera mnzake ndani.